Bwezerani Disiki Yakale

"Achimwene, bwezerani disiki yakale ija," kalaliki anachonderera katswiri wa makompyuta, yemwe ankatseka bokosi losungira mafayilo a ofesi yonse pa netiweki.

"Yolira ngati chigayo ija? Yatsopanoyi ndi SSD, mulibe chozungulira. Fayilo ikutseguka musanaphethire."

Vuto linali lomwelo. Disiki yakale ikamachita chidodo, kalaliki ankaima pa tebulo la sekilitale kudikira fayilo, uku akuyala mawu ofunsira pang'onopang'ono. Dzulo anafika pa "Asisi, ine mumtimamu..." Lero asanakhosomole n'komwe, anangomva, "Yatseguka, pitani."

"Anakuuzani kuti musinthe ndani? Abwana?"

Katswiri anapukusa mutu, n'kuloza ndi mlomo ku tebulo la sekilitale.

"Awo. Anachita kundigwadira."