Nsomba za Mwamuna Wina

Thanki yagalasi ya nsomba inalanda malo a wailesi pabalaza. Mwini nyumba, wokonza mafiriji, atabwera kuchokera ku ntchito anapeza mkazi wake atagwada patsogolo pa thankiyo, akuunika nsomba ndi tochi ya foni.

Zinalipo zisanu ndi imodzi, zofiira ndi zachikasu, zazing'ono ngati chala. Mkaziyo anati ndi za munthu wina amene sangathe kuzisamala yekha, ndipo zikhala pakhomopo masabata awiri basi. Atafunsidwa kuti munthuyo ndani, anangoti ndi wodziwana naye, n'kumukoka mwamunayo dzanja kuti aone. Nsomba iliyonse inali ndi timadontho toyera pazipsepse ndi kumchira, ngati wina waiwaza mchere. Zina zimadzikhula pa timiyala tapansi, zina zimapuma mwawefuwefu pamwamba pa madzi.

Mayiyo anali namwino, ndipo anazitenga ngati odwala a m'wodi mwake. Anafotokoza kuti kadontho kalikonse ndi kachilombo kobisala pansi pa khungu, pomwe mankhwala safika. Kamafa pokhapokha kakatuluka n'kuyamba kusambira m'madzi. Choncho anakweza hita yotenthetsera madzi pang'onopang'ono mpaka madzi anafika madigiri 30 kuti tizilomboto tituluke msanga. Anachenjezanso kuti kapampu kotulutsa thovu kasazime, poti madzi akatentha mpweya umachepa. M'mawa uliwonse amakoka ndi kapaipi zinyalala zapansi mpaka chidebe kudzaza, kuthiramo madzi atsopano, kenako n'kudontheza mankhwala abuluu uku milomo ikuwerenga madontho.

Mwamunayo amaonerera ali pampando, tiyi akuzizira. Mwezi wathawo iye anagona masiku atatu ndi chimfine, ndipo namwino yemweyu anangomusiyira mapiritsi awiri patebulo n'kupita ku ntchito.

Koma chimene chinamulasa mtima ndi foni. Akatha kuthira mankhwala, mkaziyo amajambula thankiyo n'kutumiza chithunzi. Pasanathe mphindi foni imalira, iye n'kuthamangira nayo kukhitchini, chitseko n'kutseka. Mwamunayo amamva mawu a mkazi wake atafewa kuposa momwe anawazolowera. Amamuuza munthuyo kuti asadandaule, zichira. Amamufunsa ngati wadya, ngati wagona bwino. Nthawi zina amaseka.

Tsiku lachisanu foniyo inaiwalika pa mkono wa sofa. Mwamunayo ataitsegula anapeza kuti nambala ija inasungidwa ndi dzina loti "Mwini nsomba". Uthenga womaliza unali waufupi: "Popanda iwe sindidziwa ndikanatani."

Anadikira mpaka nthawi ya chakudya.

"Mwini nsombayu ndi mwamuna?"

"Ee, ndi mwamuna," anayankha mkaziyo osakweza maso. "Mudzamuona Loweruka la sabata yamawa akadzabwera kudzazitenga. Ingopirirani."

Kupirira kunakanika. Ku ntchito anamanga waya molakwika pa firiji ya kasitomala mpaka anabwerezanso ntchito yonse. M'maganizo mwake mwamuna uja anali atakhala kale ndi nkhope: dokotala wamtali, wonunkhira, wa manja osalala osadziwa girisi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi timadontho tonse tinatha. Nsomba zinatambasula zipsepse, zikulimbirana chakudya. Mwamunayo anati ndiye zibwerere kwawo lero lomwe. Mkaziyo anakana. Anati kutha kwa timadontho si kuchira, tizilombo tina tikadali m'timiyala kudikira kuswana, ndipo ukasiya mankhwala msanga matenda amabwerera ndi ukali. Pafunika masiku ena anayi. Mwamunayo anangomva kuti ndi masiku ena anayi a mafoni a kukhitchini.

M'mawa mwake mkaziyo anatuluka molawirira. Kunja kumazizira kwambiri. Mwamunayo anaima patsogolo pa thankiyo, chikwama cha zida chili paphewa. Nsomba zinabwera pagalasi poganiza kuti wabweretsa chakudya. Anawerama n'kuthimitsa soketi ya kukhoma. Hita inazima, thovu linasiya. Anakhoma chitseko n'kupita.

Madzulo anafulumira kufika mkazi wake asanabwere ndipo anayatsanso soketiyo. Koma ziwiri zinali zitayandama kale, mimba zili m'mwamba.

Mkazi wake atafika, mwamunayo anati mwina magetsi anathima masana. Mkaziyo anamuyang'anitsitsa. Anavuula ziwirizo ndi kaukonde, kuzikulunga m'pepala, kenako anatenga foni n'kulowa kukhitchini. Ulendo uno sanatseke chitseko. Mwamunayo anamumva akupepesa, akuti mlandu ndi wake poti sanayang'anire bwino. Akulirira nsomba za mwamuna wina m'nyumba mwanga, anatero mumtima. Kachisoni kamene kanayamba kumugwira kanathera pomwepo.

Zinayi zotsalazo zinachira. Loweruka litafika, mwamunayo anameta ndevu, anavala malaya ake abwino, n'kukhala pampando woyandikira khomo. Mawu oti akamuuze mlendoyo anali atawakonza sabata yathunthu. Mkazi wake amapukuta galasi la thankiyo.

Kugogoda kutamveka, mwamunayo ndiye anayamba kufika pachitseko. Anachitsegula mwamphamvu, chifuwa chili patsogolo.

Pakhomo panaima nkhalamba yowonda, ndodo ili m'dzanja. Anali bambo ake omubereka, amene sanawalankhule zaka zinayi chikanganirane.

"Ndine ndinamuletsa mpongozi wangayu kukuuza, ndimaopa kuti uzikana," anatero bambowo, maso akudutsa paphewa pake kufuna thanki. "Chisiyireni iwe kubwera, ndimacheza ndi zimenezi."