Amene Anapha Serafina

Mdima utangogwa, Florentino ankabwerera kwawo ndi njinga yake yonyamula anthu. Pa msewu wa ku Molumbo anamuimitsa mayi wofunda chitenje cha kapulana kumutu. Sanatchule kopita, anangokhala kumbuyo.

"Kodi uja anapha Serafina anagwidwa?" anafunsa mayiyo.

Serafina anali mng'ono wa Arlete, mkazi wa Florentino. Anamupeza atafa m'munda wa nandolo mvula isanayambe.

"Ayi, mayi. Apolisi akuti ndi wakuba wa kutsidya kwa malire, mwina wosuta chamba."

"Wakuba akanasiya foni? Ameneyo ndi wakonkuno. Anamuitana ndi dzina, mwana wa eni n'kuima osaopa kanthu."

Atayamba chitunda, Florentino anadabwa kuti njinga ikupepuka ngati ali yekha.

"Amalankhula motsitsa, mowa samwa," anapitiriza mayiyo. "Pamaliro analira kuposa abale, ndipo inu munamugwira paphewa kumutonthoza."

Florentino anafuna kucheuka, koma khosi linakana.

"Zonsezi mwazidziwa bwanji?"

"Musataye nthawi ndi mafunso. Dzuwa likulowa munthuyo wafika pakhomo panu. Arlete wamuyalira mphasa, ndipo mlendoyo watuma ana kukagula parafini."

Florentino anapalasa ndi mphamvu zake zonse. Msewu umene ankaudziwa chibwerere kothawa nkhondo unkangotalika, ndipo mtengo wa mango wopatukira kwawo sunkaoneka. Thukuta linamulowa m'maso. Kenaka mpweya wozizira unamukhudza kukhutu.

"Watseka chitseko, alamu," ananong'ona mayiyo.