Phewa la a Wongoka

"Vulani, ndiyesenso," anatero telala. Aka kanali kachitatu.

A Wongoka anavula jekete yatsopanoyo. Pagalasi inali itapendekeka ngati chitseko choguluka. Dzinali anawapatsa ndi ana asukulu. Zaka makumi atatu akuphunzitsa, mawu awo anali amodzi, "Wongoka!", rula ili m'manja. Telalayu nayenso rulayo inamulawapo.

Mwezi wathawu dokotala anawaonetsa chithunzi cha msana wawo. Unali wokhota ngati S wa mwana waulesi. Matendawo akuti ndi sikoliyosisi. Msana suwongokanso, koma akamayenda ndi kuchita masewera olembedwa papepala, ululu uzichepa. Pepalalo analipinda bwinobwino n'kutsamiritsa mwendo wa tebulo logwedera. Mwana wawo wamkazi sanamuuze. Ukwati wake unali Loweruka, ndipo iwo sanafune kukaima chopendekeka pamaso pa akuchimuna, anthu n'kumawamvera chisoni.

"Aphunzitsi, tepi sinama," anatero telala. "Phewa lakumanzereli ndi lotsika."

"Wonama ndine?"

Anatulutsa m'chikwama jekete yakale, yoperepeseka m'zigongono, imene malemu akazi awo ankaichapa okha, osalola munthu wina kuigwira. Anaivala. Mapewa anangoti ndendende.

Mayi wina amene ankadikira diresi lake pabenchi anaseka. "Abambo, uyu masamu munamuphunzitsa ndinu? Mubwezeni ku sukulu!"

A Wongoka sanaseke, koma mtima unali mbee. Ngati msana ndiye wolakwa, bwanji yakaleyi ikukhala bwino? Dokotala ndi telala, onse ana adzulo.

Telala anapukuta thukuta. Anaitenga jekete yakaleyo, kuitembenuza, kuiyala patebulo. Anayeza mkono uwu, kenako uwo. Anatsina phewa lakumanja. Anatsina lakumanzere, n'kulitsinanso.

"Ndimasule pang'ono nsalu yamkatiyi?"

"Masula. Uphunzire."

Lumo linadula ulusi. Panatuluka kachidutswa ka thaulo. Pansi pake ka katani ya kuchipinda. Kenako ka yunifomu ya sekondale, ka bulangete, ka diresi lamaluwa limene iwo ankalidziwa bwino. Tonse tinali tosanjikizana, chilichonse ndi ulusi wakewake.

"Msoko uwu si wa makina," anatero telala motsitsa mawu. "Ndi wamanja. Amayi ankangowonjezera, phewa likatsika."

Pansi penipeni panali kansalu koyera, kofewa ndi kuchapidwa. Telala anakakweza m'mwamba. Kanali ka thewera la mwana wawo wamkazi uja.

Mayi wa pabenchi uja anawerengera ndi zala zaka za mkwatibwi, n'kugwira pakamwa.

"Ndiye kuti rula ija, aphunzitsi," anayamba telala, "inkatimenya ife ili m'manja mwa..."

"Ika tidutswato m'yatsopanoyo," anatero a Wongoka, maso ali pansi. "Theweralo likhale pansi."