Mitengo Yopakidwa Penti Wofiira

Loya anali atamaliza kuwerenga wilo, koma palibe amene anadzuka. Fani ya mu ofesimo inkazungulira mwaulesi, ikungotembenuza mpweya wotentha womwewo. Wamatabwa, mwana woyamba wa malemu, anakhala kumapeto kwa benchi atafumbata makiyi a lole yake. Amayi ake anali pambali pake, manja ali pamiyendo.

Wiloyo sinazungulire. Nyumba inatsala m'manja mwa amayi. Nkhalango yonse ya kuseri kwa phiri, imene bambowo anaisunga zaka makumi anayi osalola munthu kuthyolamo ngakhale mpini wa khasu, anaisiyira bungwe losamalira zachilengedwe, kuti isadzadulidwe kapena kugulitsidwa mpaka kalekale.

Kumanidwa malowo kunamupweteka ndithu, tisanamizane. Koma chimene chinkamutulutsa thukuta chinali envulopu imene mayi wina, woimira bungwelo pa msonkhanowo, anaika patebulo. Inali yosamata, ndipo kona ya chithunzi inkaonekera: khungwa la mtengo, pakati pake mtanda wa penti wofiira.

Mtanda umenewo anaudziwa ngati siginecha yake. Pa ntchito ya matabwa, mtengo ukapakidwa wofiira ndiye kuti zake zatha, ukungodikira macheka. Anamuphunzitsa zimenezi ndi bambo ake omwe, kalelo asanasiye ntchito yocheka n'kuyamba kulankhula ndi mitengo ngati ana awo.

Miyezi itatu yapitayo, bambowo ali gone miyendo itatupa, Wamatabwa anauza amayi ake kuti akukasaka mankhwala. Mankhwala ake anali chitini cha penti ndi bulashi. Tsiku lonse anazungulira m'nkhalangomo akusankha ikuluikulu yokhayokha, yowongoka, yopanda mphako. Wogula anali atapezeka kale, munthu wosachedwa ndi malonje. Anangofunsa kuti akuluwo akupezako bwanji, ndipo Wamatabwa anayankha kuti sachedwa. Mawu amenewo anali adakamukakamira pakhosi mpaka lero.

Chomutonthoza chinali chimodzi: bambo anapita osadziwa. Amayi nawonso sankadziwa kanthu. Pa maliro anauza aliyense wowagwira chanza kuti mwana wawo woyamba ndiye anavutika ndi matendawa, tsiku lina mpaka anayenda tsiku lonse kusaka mankhwala, n'kubwera nsapato zili matope okhaokha. Anthu ankamusisita paphewa, iye akuyang'ana pansi, iwo n'kumati ndi chisoni.

Mayi wa ku bungwe uja anatulutsa zithunzi zija n'kuyamba kuziyala patebulo chimodzichimodzi. Sanafulumire. Anali mayi wodekha, wa nsapato zoyendera m'tchire, mtundu wa anthu amene salankhula asanatsimikize.

"Tisanasainirane, pali nkhani ya mitengo iyi," anatero, maso ali pa Wamatabwa. "Ikukhudza inuyo, bambo. Ndipo ndiyenera kuinena amayi ali pompano."

Loya anavula magalasi. Amayi anatola chithunzi chimodzi n'kuchiyandikiza kumaso.

"Penti ameneyu ngwachiyani, mwananga?"

Mabodza anabwera okha, ali pamzere. Anganene kuti ndi anthu otcha makala. Anganene kuti ndi oyeza malo. Koma anayang'ananso nkhope ya mayi uja, ndipo anaona munthu amene umboni wonse ali nawo m'chikwama. Mwina wogula uja anayerekedwa nazo ku mowa. Mwina wa sitolo ya penti anamukumbukira. M'manja mwa mayiyo munali mutatsala pepala limodzi lopinda, ndipo Wamatabwa sanakayike kuti dzina lake lili momwemo. Ngati amayi ake amve, bola amve kuchokera pakamwa pa mwana wawo, osati pa mlendo.

Anaika makiyi aja pabenchi.

"Amayi, ndinapaka ndine. Tsiku lija ndinati ndikukasaka mankhwala, sindinafike ku chipatala kulikonse. Wofiira ndiye kuti mtengo udulidwe. Ndinali nditapangana kale ndi wogula. Tinkangodikira bambo."

Amayi sanalire, ndipo kukanakhala bwino akanalira. Anabweza chithunzi chija patebulo, n'kuchiwongola bwinobwino kuti chifanane ndi zinzake. Kenako anasuntha pang'ono pabenchipo, kampata kongokwana chikhatho. Wamatabwa anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Komabe penapake mumtima anapumako, poti wamutsekereza mlendo uja, zoti aulule zatha.

Koma mayi wa ku bungweyo anali atangoti kukamwa yasa. Anayang'ana loya, loya n'kuyang'ana fani.

"Pepani, bambo," anatero motsitsa mawu. "Ine zimenezo sindimazidziwa. Bambo anu anatitengera okha kunkhalangoko, kutatsala milungu iwiri kuti atisiye. Anatipempha kuti kunyumba tinene kuti tikupita nawo kwa dokotala. Tinawanyamula pampando, ndipo mitengo yopakidwayi anaigwira umodziumodzi. Titabwerera m'galimoto anapempha cholembera."

Anafunyulula pepala lija n'kuwerenga:

"Yopakidwa penti wofiirayo anasankha ndi mwana wanga woyamba kuti ikhale yambewu, ndiye muyambe ndi imeneyo kuteteza. Mitengo amaidziwa kuposa ine. Mudzamuthokoze amayi ake ali pomwepo."