Nkhono ya Mlendo Wosiya Buluku

Kodi nsomba ingasowe bwanji mu thanki yagalasi yovundikira, osasiya ngakhale kamunga? M'nyumba ya telala wina funso limeneli linatha milungu itatu lopanda woliyankha. Anandiuza nkhaniyi ndi mlamu wake, ndipo akuti ndi yoona.

Telalayu ankaweta nsomba za m'madzi amchere ndi makorali, timiyala tamoyo ta m'nyanja, pabalaza. Mchenga wa pansi utayamba kuda ndi ndere, mwini shopu ya nsomba anamuuza kuti pakufunika nkhono zosefa mchenga, koma adikire chifukwa zinali zitatha. Anamuchenjezanso kuti kuli nkhono ina ya chigoba chofanana nazo, yomwe imabaya ndi poizoni.

"Achimwene, yosefa mchenga ili ndi maso aatali ngati tinyanga, ndipo imayenda modumpha. Ikamangotsetsereka, musaikhudze."

Telala sanadikire. Kasitomala wachilendo amene anasiya buluku loti alichepetse anaona chithunzi cha thankiyo pa foni, ndipo mawa lake anabwera ndi nkhono m'botolo. Inali itadzikokera m'chigoba, maso osaoneka. Mlendoyo anati ndi yamanyazi chabe.

Mkazi wa telala anafunsa dzina la munthuyo ndi komwe anaitenga nkhonoyo. Mwamuna wake anaseka.

"Mayi a mwana, inu mumakayikira ndi mchere womwe."

Nkhono inalowa mumchenga n'kuti zii. Ndere sizinachepe. Kansomba kachikasu kanasowa, kenako kamizeremizere. Anaimba mlandu mphaka, anamasula pampu, osapeza kanthu. Mayi uja ananena kuti zonsezi zayamba nkhono itabwera, koma anauzidwa kuti nkhono sidya nsomba.

Loweruka m'mawa, mayiyo akuchokera koyanika zovala anapeza mwana wawo wamkazi wa zaka zitatu atakwera pa mpando, chivundikiro atakankha, mkono uli m'madzi mpaka m'chigongono. Nkhono inali itatuluka mumchenga, ikutsetsereka, itatulutsa kachitamba kowonda kulunjika pa zala za mwanayo. Anamutsomphola nthawi yomweyo.

Telala anati mkazi wake akuopseza mwana pachabe, nkhonoyo imangonunkhiza. Pofuna kumutsimikizira, anapinda malaya n'kuitola ndi dzanja. Anamva ngati singano. Pasanathe ola, milomo inachita dzanzi, mawu osatuluka bwino, mpweya ukuvuta. Anakhala m'chipatala masiku anayi akupumira makina.

Mwini shopu anabwera ndi chopanira chachitali, anaiyang'ana nkhonoyo kamodzi n'kupukusa mutu. Anati imeneyi imabaya nsomba n'kuimeza yathunthu. Atamva za mwana uja anakhala pansi kaye. Madokotala nawo anati poizoni ameneyo akanalowa m'kathupi kakang'ono kotero, sakanafika naye kuchipatala ali moyo.

Nambala ya foni ya mlendo uja sinapezekenso, ndipo buluku lake likadali pa hang'ala. Zala ziwiri za telala sizimva mpaka lero. M'mawa uliwonse mkazi wake ndi amene amamulowetsera ulusi pa singano, ndipo sananenepo kuti ndinkanena.

Phunziro: Chamoyo chomwe simukuchidziwa musachilandire kwa munthu amene simukumudziwa, ndipo musachigwire ndi dzanja. Wina pakhomo akakayikira, mumvereni. Ine mwana wanga ali ndi zaka ziwiri, ndipo chimvereni nkhaniyi mipando ndinaichotsa pafupi ndi thanki yathu. Chonde tumizani kwa kholo lililonse lomwe lili ndi thanki m'nyumba, ndipo lero lomwe mangani chivundikiro chanu.