Thonje la M'masaya

Wojambula zithunzi atatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, Esnart analowa m'nyumba. Anatsindira thonje m'masaya ake olowa m'kati, napaka paudala m'maenje a pansi pa maso.

M'kagalasi kosweka munatulukira nkhope imene matenda anaidya kalekale, ya namwali woimba kwaya ku Mbombwe, masaya ngati mandasi. Anaiyang'ana osaphethira. Nkhope yomusiyira mwana wake inali imeneyi.

Esnart atatuluka, mwanayo, Thandie, anabisala kuseri kwa njinga.

"Bwera pamiyendo, iwe," anatero Esnart.

"Ayi. Ndikudikira amayi anga."

"Mayi, dzuwa likupita," anatero wojambula uja.

Esnart analavulira thonje m'dzanja, nalifumbata kumbuyo. Thandie anathamanga n'kumukwera pamiyendo.

"Jambulani, achimwene."