Nyimbo ya Nyenje m'Kamwa mwa Mthengu

Ndagi! Kanthu kanga kamaimba tsiku lonse, koma m'mimba mwake muli mphepo yokha.

Padangokhala Nyenje, mayi wosauka amene ankaimba dzuwa likuswa mtengo. Mthengu analibe nyimbo yakeyake. Anatola mawu a Nyenje, kugogoda kwa Gogomole ndi kulira kwa Chule, n'kuzisakaniza, basi n'kudzitcha Dijeyi. Nyama zinkavina pachulu mpaka fumbi koboo, n'kumamulipira malichero a ngumbi. Anamanga chisa pamtengo uliwonse.

Tsiku lina Nyenje anapita komweko mwana wake ali kumbuyo.

"Achimwene, mawu amenewo ndi anga. Tigawireniko, mwanayu sanadye."

Mthengu anaseka. "Imbani, mayi. Nyamazi zikavina, ngumbi zonsezi n'zanu."

Nyenje anakwera mumtengo wapafupi n'kuyamba kuimba, koma palibe anasuntha phazi.

"Amayi inu, manyazi mulibe?" anatero Gologolo. "Mukubera Dijeyi wathu nyimbo."

Nyenje anaimbabe mokweza kuti amuzindikire, mpaka msana unang'ambika. Pamtengo panangotsala chikhungwa chake chopepuka, mphepo ikulowa n'kutuluka. Mthengu anapitiriza gule ndi mawu a Nyenje aja.

Mwana uja anagwira chikhungwacho, n'kutchera khutu kuchulu.

"Nanga amayi akuimba uko, bwanji sakubwera kudzanditenga?"